Ng'oma, magalasi a kompyuta ndi dzanja lamanja la amayi anga

Amayi anga anadwala sitiroko m'mwezi wa Meyi chaka cha 2024, chaka cha chilala chija, pamene tinkakolola kachimanga kochepa kamene kanapulumuka ku dzuwa m'munda wathu wa kumudzi, chakufupi ndi msewu wochokera ku Chipata kupita ku Chadiza. Mlamu wanga ndiye anaona kuti chimanga chikungowapulumuka m'dzanja iwo osazindikira, ndipo atawayang'ana kumaso anapeza kuti kamwa yakhotera mbali imodzi ndipo mawu akutuluka olemera ngati a munthu wodzuka kutulo. Tinawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu, kenaka pa galimoto mpaka ku chipatala cha m'tauni. Kumeneko anatiuza kuti mtsempha wina wa magazi unatsekeka kumbali yakumanzere ya ubongo, ndipo popeza mbali imeneyo ndiyo imalamulira mbali yakumanja ya thupi, mkono ndi mwendo wakumanja ndizo zinafooka. Anatiuzanso kuti gwero lake linali kuthamanga kwa magazi kumene amayi anakhala nako zaka zambiri, mankhwala ake akumwa mwa apo ndi apo.

Mwendo unabwerera msanga ndithu, moti pofika mwezi wa Julayi ankayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika pansi pa mtengo wa mango. Mkono ndiwo unatsalira. Munthu amene sanaonepo zimenezi angaganize kuti kuyenda ndiko kofunika koposa, koma kwa mayi wachichewa wa zaka zopitirira 60 dzanja lamanja ndi ulemu wake wonse. Ndilo limatema nsima ndi kuumba mbamu, ndilo limapereka moni, ndilo limagwira mthiko, ndipo ndilo limatsogola polandira chinthu kwa munthu wamkulu. Amayi anayamba kukana kudya pamaso pa alendo chifukwa cha manyazi odyera kumanzere, ndipo dzanja lodwalalo ankalibisa m'chitenje ngati chinthu chobedwa.

Ife ana tinachita zimene tinkaona kuti ndicho chikondi. Tinkawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, ndipo akafuna kutola kapu wina ankathamanga kukawapatsa. Tsiku lina ku chipatala, mayi wa ku fiziyo (chithandizo cholimbitsa ziwalo zofooka) amene ankawathandiza anandiyang'ana ndikuwamanga duku, ndipo anandiuza mofatsa kuti, "Achimwene, mukapitiriza kuwachitira zonse, dzanja ili lidzaiwala kuti lili ndi ntchito." Mawuwo anandipweteka, koma pambuyo pake ndinapeza kuti ndi nkhani yodziwika kwa akatswiri. Wofufuza wina wa ku America, Edward Taub, anaonetsa kuti munthu akayesa kugwiritsa ntchito mkono wofooka n'kulephera kangapo, amaphunzira kuusiya ndi kudalira wabwinowo, ndipo kusiyako kumapitirira ngakhale pamene mphamvu zina zayamba kubwerera. Kunena mwachidule, gawo lina la kulumala limachokera ku matendawo, pamene gawo lina limachita kuphunziridwa, ndipo ife a pabanja ndife tinali aphunzitsi ake.

Mayi wa ku fiziyo uja anatifotokozera kuti mbali ya ubongo imene yafa siukanso, koma mbali zoyandikana nayo zimatha kuphunzira ntchito imene yatayikayo, monga momwe anthu amalambulira njira yatsopano mlatho ukakokoloka. Njirayo imaoneka pokhapokha anthu akamaipondaponda tsiku ndi tsiku. Anatinso miyezi yoyambirira, makamaka itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndiyo nthawi imene ubongo umasintha mofulumira, ngakhale kuti kuchira sikuthera pomwepo. Apa ndi pamene pali vuto lenileni la nkhani yonseyi, ndilo kuchuluka kwa kubwereza. M'chaka cha 2009 Catherine Lang ndi anzake anawerenga zimene zimachitika m'zipinda za fiziyo ku North America, ndipo anapeza kuti pa ulendo umodzi wodwala amabwereza ntchito ya mkono pafupifupi ka 32 kokha, pamene nyama zimene asayansi amaphunzirirapo za kusintha kwa ubongo zimabwereza kambirimbiri, mazanamazana pa tsiku. Ngati zili choncho kumaiko olemera, nanga kwa ife amene tinkakwanitsa kupita ku tauni kawiri pa mwezi, ndalama ya galimoto ikapezeka?

Choncho ntchito yaikulu inayenera kuchitikira pakhomo. Tinapatsidwa zochita zake: kusuntha kapu kuchoka apa kuika apo, kupukuta tebulo ndi kansalu, kutola zitsekero za mabotolo n'kuziponya m'mbale. Amayi ankachita kasanu kapena kakhumi, kenaka n'kukankha mbaleyo. "Mwanawe, ine ndakulerani nonsenu, lero mukundiseweretsa tizitsekero ngati mwana wa mkaka?" Sindinawaone ngati aulesi, chifukwa munthu amene walima moyo wake wonse sangakhale waulesi. Chimene chinkawatopetsa n'chakuti ntchitozo zinalibe tanthauzo kwa iwo, ndipo nthawi iliyonse zinkangowakumbutsa chimene ataya.

Zinthu zinasintha tsiku limene amayi a Chigwirizano a ku mpingo kwathu anabwera kudzawazonda. Atatha mapemphero anayambitsa nyimbo, akuwomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira pa nyumba ya wodwala. Ine ndinali pakhomo la khitchini, ndipo ndinaona dzanja lija, lomwe linali litatuluka m'chitenje, likunyamuka pang'ono pa bondo n'kugweranso, likutsatira kuwomba kwa anzawo. Silinkakwera kwambiri, mwina kutalika kwa chala chimodzi, koma linkagwa pa nthawi yake, ndipo linachita zimenezo mpaka nyimbo yonse inatha. Amayi eni ake sanadziwe n'komwe, chifukwa maganizo awo anali pa mawu a nyimboyo, amene ankawatchula bwino kuposa momwe ankayankhulira masiku amenewo.

Usiku umenewo ndinayamba kufufuza pa foni, ndipo ndinapeza kuti chimene ndinaonacho chili ndi mbiri yake. Michael Thaut, wofufuza za nyimbo ndi ubongo amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Colorado State University ku America, anaonetsa kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kuti odwala sitiroko amayenda bwinopo akamaponda motsatira kugunda kwa nyimbo kapena kwa kachipangizo kogunda mofanana. Chifukwa chake n'chakuti mbali za ubongo zimene zimamva mawu n'zolumikizana kwambiri ndi mbali zimene zimakonza kayendedwe ka thupi, kotero kuti khutu likadziwa nthawi imene kugunda kotsatira kudzafike, minofu imakonzekeratu. Pa nkhani ya mkono weniweniwo, gulu la Sabine Schneider, Eckart Altenmüller ndi Thomas Münte ku Germany linafalitsa mu 2007 zotsatira za odwala amene anaphunzitsidwa kuimba piyano ya magetsi ndi ng'oma za magetsi maulendo 15 m'masabata atatu, kuwonjezera pa fiziyo wa nthawi zonse. Ng'oma zinali za kayendedwe kakakulu ka phewa ndi chigongono, piyano inali ya zala, ndipo odwalawo anayamba kusuntha dzanja mofulumira ndiponso mosadodoma. Odwalawo anali ochepa, choncho si nkhani yoti munthu alumbirirepo, koma mfundo yake inandigwira mtima: chida choimbira chimakuyankha nthawi yomweyo. Ukamenya mofooka chimalira mofooka, ukachedwa khutu lako lomwe limakuuza kuti wachedwa, popanda wina kukudzudzula. Ku Helsinki, m'dziko la Finland, nakonso Teppo Särkämö ndi anzake anapeza mu 2008, pa odwala 60, kuti amene ankamvetsera nyimbo za kumtima kwawo tsiku lililonse ankakumbukira bwino mawu, ankaika maganizo pa chinthu nthawi yaitali, ndipo sankakhumudwa kwambiri poyerekeza ndi anzawo.

Powerenga zonsezi ndinakumbukira ambuya anga akusinja chimanga ndi anzawo, misi iwiri kapena itatu ikulowa mu mtondo umodzi mosinthana popanda kugundana, nyimbo ndiyo ikuwalondolera. Palibe amene ankawerenga kuti musi wagwa kangati, koma pofika madzulo mphale inali itakwana. Nyimbo za pamtondo, za polima ndi za popalasa bwato zinabadwa chifukwa cha vuto lomwelo limene a fiziyo akulimbana nalo lero, loti thupi lichite chinthu chimodzimodzi kambirimbiri mtima osagwa ulesi.

Ndinabwereka ng'oma yaing'ono ya kwaya ya achinyamata, ndipo mdzukulu wawo anapanga chisekese pothira timiyala m'botolo la pulasitiki lokhala ndi khosi loonda, kuti zala zolimbazo zithe kulizungulira. Tisanayambe tinapita nazo kwa mayi wa ku fiziyo, ndipo ndikuthokoza kuti tinatero, chifukwa anatikonza pa zinthu zingapo zimene tikanalakwitsa. Anatiuza kuti amayi azikhala pa mpando wotsamira, mapazi onse ali pansi, ndipo ng'oma iyambire pafupi ndi bondo, kenaka tiziisuntha pang'onopang'ono kupita kutsogolo ndi m'mbali kuti chigongono chiziwongoka. Anatichenjeza kuti tikaona akukweza phewa kufika kukhutu kapena akuweramitsa thupi lonse kuti afikire ng'oma, tidziwe kuti ntchitoyo yawakulira ndipo tibwerere m'mbuyo, chifukwa ubongo umaphunziranso zolakwika ukazibwereza. Anatiletsa kotheratu kuwakoka ndi mkono wodwalawo powadzutsa, popeza phewa lofooka limaguluka msanga ndipo ululu wake ungathe kuimitsa ntchito yonse. Koposa zonse anati nyimbo itsike liwiro kuti ifanane ndi dzanja, osati dzanja lizithamangira nyimbo.

Mfundo yomalizayi ndiyo inativuta, chifukwa nyimbo za pa wailesi kapena pa foni sizidikira munthu. Tinapeza kuti kuimba ndi pakamwa ndiko kunali bwino, chifukwa woimba amaona dzanja n'kuchedwetsa mawu pamene likuchedwa. Madzulo aliwonse, mbale zikatsukidwa, mlongo wanga ankayambitsa nyimbo ya m'buku la nyimbo za mpingo, amayi n'kumamenya ng'oma kamodzi pa kugunda kulikonse kwakukulu. Tsiku lina ndinawerenga mwakachetechete ndipo ndinapeza kuti pa nyimbo imodzi ya ndime zinayi dzanja linanyamuka koposa ka 100, ndipo tinkaimba nyimbo zitatu kapena zinayi asanatope. Anali munthu yemwe uja amene ankakankha mbale ya zitsekero atatola khumi.

Za magalasi a kompyuta zinabwera pa Khirisimasi, pamene mwana wa achimwene anga amene amaphunzira ku Lusaka anabwera ndi chipangizo chobwereka kwa mnzake, chimene amachitcha virtual reality. Ndi chinthu chovala kumaso chomwe chimatseka dziko lenileni n'kukuonetsa lina lopangidwa ndi kompyuta, ndipo ukatembenuza mutu dzikolo limatembenuka nawe. M'manja umagwira tizipangizo tiwiri, kotero kuti ukatambasula mkono, dzanja la m'chithunzimo limatambasukanso. M'zipatala za kunja amagwiritsa ntchito zoterezi kuti wodwala azithyola zipatso, kugwira mipira kapena kumenya ng'oma zomwe kulibe, kompyuta ikuwerenga kuti wafikira patali bwanji ndiponso kangati. Zina zimakulitsa kayendedwe, moti dzanja likasuntha pang'ono, la m'chithunzi limafika patali, kuti wodwala alimbe mtima. Palinso ofufuza amene amamangirira tizipangizo pa mkono kuti kayendedwe kake kazisanduka mawu, mkono ukakwera mawu n'kukwera, ukatsika n'kutsika, kuti wodwala azimva ndi khutu chimene mkono wake ukuchita. Pamenepa ndi pamene nyimbo ndi makinawa zimakumanirana.

Amayi anavomera kuvala chifukwa cha mdzukulu wawo, amene anawagwadira n'kunena kuti, "Ambuya, ingoyesani kamodzi, ine ndakugwirani." Masewerawo anali omenya zinthu zobwera motsatira nyimbo. Kwa mphindi zingapo anaseka kwambiri, ndipo ndinaona mkono ukufika pamwamba kuposa pamene unkafika pa ng'oma, chifukwa sankauona mkono wawo wodwala koma dzanja lina lopanda chilema. Komabe tinakumana ndi zovuta zitatu nthawi yomweyo. Kachipangizo ka m'manja kankagwa chifukwa zala sizinkagwira, mpaka tinachita kukamangirira ndi nsalu. Masewerawo anapangidwira achinyamata athanzi, ndipo ngakhale pa liwiro lotsikitsitsa ankawapitirira, zomwe zinawachititsa kuyamba kukweza phewa monga momwe tinaletsedwera. Kenaka anamva chizungulire ndi mseru, zomwe zimachitikira anthu ambiri ovala magalasiwa, ndipo kwa munthu amene miyendo yake siinakhazikike chizungulire ndi chinthu choopsa. Pamwamba pa izo, chaka chimenecho madzi anali atatsika kwambiri ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, moti kutchaja chipangizocho kunali ntchito payokha.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunyoza makinawa, chifukwa chimene ndinaona m'mphindi zoyambazo chinali chenicheni. Koma ndi bwino kudziwa chimene kafukufuku wapeza tisanagulitse ng'ombe. Mu 2017 Kate Laver wa ku Australia ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 72 za anthu 2,470, ndipo anapeza kuti virtual reality siposa fiziyo wamba ngati nthawi yochita ili yofanana, koma imathandiza mkono ikawonjezedwa pamwamba pa chithandizo cha nthawi zonse, chifukwa imachulukitsa nthawi imene wodwala akugwiritsa ntchito mkonowo. Chaka cha 2016 Gustavo Saposnik ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 141 ku Canada, Argentina, Peru ndi Thailand, momwe gulu lina linkasewera masewera a pa kanema a Nintendo Wii pamene lina linkasewera makadi, bingo, mpira ndi masewera osanja timatabwa. Patatha masabata awiri magulu onsewo anapita patsogolo mofanana. Kwa ine uwu ndi uthenga wabwino kwambiri kwa anthu a ku Chadiza, Katete, Lundazi ndi Petauke, chifukwa ukutanthauza kuti mphamvu siili m'chipangizo chodula koma m'kubwereza kumene wodwala akukondwera nako. Nsolo, kutongola chimanga, kusenda mtedza ndi kusankha nyemba pa lichero zingathe kugwira ntchito yomweyo ngati wa fiziyo waziyeza kuti zikugwirizana ndi pamene dzanja lafika.

Chimene tinatengapo pa magalasi aja ndi nzeru yoti maso angathe kunyengerera ubongo, ndipo mayi wa ku fiziyo anationetsa njira yake yotsika mtengo, ndiyo kalilole. Njirayi inayamba ndi katswiri wa za ubongo V. S. Ramachandran m'zaka za m'ma 1990 pothandiza anthu odulidwa mkono amene ankamvabe ululu pa mkono umene kulibe, ndipo pambuyo pake inayesedwa pa odwala sitiroko. Kalilole amaimikidwa pa tebulo pakati pa manja awiri, dzanja lodwala n'kubisika kuseri, ndipo wodwala amayang'ana chithunzi cha dzanja labwino likutsegula ndi kutseka zala, uku akuyesa kuchita chimodzimodzi ndi lobisikalo. Ubongo umaona ngati dzanja lodwala ndilo likuyenda bwino. Tinagula kalilole wamba ku msika wa Kapata. Tsiku loyamba amayi anayang'ana kwa nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka misozi inatsika, chifukwa kwa miyezi isanu ndi iwiri anali asanaone dzanja lawo lamanja likutambasula zala. Pambuyo pake tinaphatikiza ziwirizi, zala zikutseguka ndi kutsekeka motsatira nyimbo yoimbidwa pang'onopang'ono.

Ndikanakhala ndi mwayi woyankhula ndi amene amapanga makinawa kapena amene angafune kuwabweretsa kuno kummawa, ndikanawapempha kuti awaike m'manja mwa a fiziyo m'zipatala, osati kuwagulitsa kwa mabanja osweka mtima ngati mankhwala ozizwitsa. Wa fiziyo mmodzi amene ali ndi mzere wautali wa odwala angathe kupindula ndi chipangizo chimene chikuwerenga kubwereza kwa wodwala mmodzi pamene iye akuthandiza wina, ndipo ndiye angaone ngati phewa likukwera molakwika, chinthu chimene masewera wamba saona. Ndikanawapemphanso kuti nyimbo zake zikhale zimene wodwala anakula nazo, za kwaya, za chimtali kapena za ngoma ya Angoni, ndiponso kuti liwiro lizitsatira dzanja. Amayi sanasunthidwe ndi kugunda kokha, chifukwa kugunda kunalinso m'masewera aja. Chimene chinatulutsa dzanja m'chitenje ndi nyimbo imene anaiimba pa maukwati ndi pa maliro kwa zaka 40, pamodzi ndi mawu a anzawo amene anakhala nawo pa mphasa.

Sindinganene kuti ndi ng'oma yokha imene yawafikitsa pamene ali, chifukwa nthawi nayo imachiritsa mbali yake, a fiziyo anachita zawo, ndipo mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsopano amamwa tsiku lililonse osadumphitsa, popeza tinauzidwa kuti amene wadwalapo sitiroko ali pa chiopsezo chodwalanso. Dzanjalo silinabwerere mwakale. Zala ziwiri zakumapeto zikadali zopindika, kukazizira m'mwezi wa Juni mkono wonse umalimba, ndipo singano ndi mabatani zikuwakanikabe. Mthiko amaugwira ndi manja awiri, ndipo nsima ikayamba kulimba amapatsira mlongo wanga kuti amalize kuvundula.

Mwezi wathawu kunabwera alendo ochokera ku Katete kudzakambirana za ukwati wa mdzukulu wawo wina. Titakhala pa chakudya ndinasuntha mbale ya amayi kuti ikhale kumanzere kwawo monga tinazolowera, koma iwo anaibweza pakati. Anasamba m'manja onse awiri, anatema nsima ndi dzanja lamanja, ndipo mbamu yoyamba inagwera m'mbale ya ndiwo. Palibe amene anayankhula. Anaitola, anaiumba pang'onopang'ono pakati pa chala chachikulu ndi zala ziwiri zimene zimamvera, anaisunsa mu chibwabwa chotendera, n'kudya. Kenaka anatembenukira kwa mlendo wamkulu uja n'kumufunsa ngati mvula yayamba kugwa kwawoko.